Chikomekome cha gemu m'kati muli nyerere

Mawu oti "netiweki yavuta" asanduka pothawira pa aliyense wogwira ntchito ndi makina a kompyuta m'dziko muno. Kaya mwapita kukatapa ndalama kwa ejenti, kaya kukagula mayunitsi a magetsi, kaya kukalembetsa chiphaso, makina akangonyanyala yankho limakhala lomweli. Mlimi yemwe wapalasa njinga kuchokera ku Nambuma amabwerera chimanjamanja osadziwa chomwe chalakwika. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri ngakhale kalaliki yemwe wakhala pamakinapo sadziwanso, kaamba koti makinawo sadamuuze kanthu.

Maganizo anga lero ndi akuti ena mwa mankhwala a nthenda imeneyi ali m'manja mwa ana omwe timawakalipira tsiku ndi tsiku kuti akutaya nthawi ndi magemu a pafoni. Pitani pa Nsaru, pa Kabudula kapena pa Mpingu tsiku la msika, mukawapeza ataunjikana pamalo otchajira mafoni, mitu pamodzi, maso pa kagalasi. Ambiri amangosewera basi. Koma pagulu lotere sipalephera mmodzi wofunsa kuti kodi zimenezi amazipanga bwanji.

Mwana ameneyu tisamuthamangitse. Timuthandize kuti aphunzire kupanga gemu yakeyake, ndipo pophunzirapo agwire miyambo itatu yomwe akatswiri opanga magemu amaisamala kwambiri: kusunga kaundula wa zonse zomwe pulogalamu ikuchita, kuika alonda otsimikiza kuti zinthu zili m'malo mwake, ndi kukonzeratu chochita zinthu zikalakwika. Mwana wokula ndi miyambo imeneyi sadzatipangira makina omwe akalakwa amangokhala duu.

Gemu imathyoka bwanji?

Gemu ya pafoni kapena pakompyuta ndi mndandanda wa malamulo omwe munthu adachita kulemba. Kompyuta imatsata ndendende zomwe yauzidwa, ngakhale zitakhala zopusa. Wolemba akaiwala kanthu kamodzi, cholakwikacho chimabisala mpaka tsiku lomwe wosewera adzachiponde. Pachingerezi cholakwika chotere amachitcha bug, kutanthauza kachilombo.

Zimenezi zimachitikira ngakhale akatswiri otchuka. Gemu ya Pac-Man, yomwe kampani ya Namco ya ku Japan idatulutsa mu 1980, imayenda bwinobwino mpaka gawo la 255. Mukangofika gawo la 256, theka la kagalasi limadzaza zilembo ndi manambala osamveka ndipo ulendo umathera pomwepo. Chifukwa chake n'chakuti malo omwe adapatula kuti azisungamo nambala ya gawo amangokwana manambala oyambira 0 kulekeza 255. Olembawo sadaganize kuti wina angadzafike patali chotero.

Mu Disembala 2020, kampani ya CD Projekt ya ku Poland idatulutsa gemu ya Cyberpunk 2077 itailengeza kwa zaka zambiri. Zithunzi zake zidali zokongola zedi, koma pamakina a PlayStation 4 inkangozima payokha ndi kuchita zodabwitsa. Patangotha sabata imodzi, kampani ya Sony idaichotsa pamsika wake n'kubwezera anthu ndalama zawo. Idabwereranso mu Juni 2021. Akuluakulu adanena kale: chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chovuta ndi zolakwika za m'magemu n'chakuti sizibwera poitanidwa. Gemu imatha kuyenda bwino ka 99, n'kudzathyoka ka 100, kaamba koti wosewera wadina mabatani awiri nthawi imodzi. Wosewerayo mukamufunsa chomwe adachita, sakumbukira. Apa ndi pomwe miyambo itatu ija imagwira ntchito.

Mwambo woyamba: kaundula

Ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba wodziwa ntchito amakhala ndi buku. Aliyense wotumiza kapena kutapa ndalama amalembedwamo: nthawi, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya malondawo. Madzulo ndalama zikapanda kugwirizana, salimbana ndi kukumbukira nkhope za anthu onse omwe adabwera. Amatsegula buku.

Pulogalamu nayo itha kuuzidwa kuti izidzilembera buku lotere. Akatswiri amalitcha log. Tiyerekeze kuti mtsikana wa Folomu 3 pa Namitete wapanga gemu ya bawo yosewera pafoni. Ngati waphunzitsidwa bwino, auza pulogalamu yake kuti wosewera akasuntha izilemba kuti watola njere zingati, m'dzenje liti, wafesa kulowera mbali iti, wathera pati ndipo wadya zingati. Tsiku lina mnzake akadzadandaula kuti gemu yamubera, mtsikanayo sakangana naye. Atsegula kaundula, aona kusuntha kulikonse monga momwe kudachitikira, abwereze masewero onsewo mpaka apeze pomwe padapindika.

Mwambowu ndi wakalekale. Pa 9 Seputembala 1947, akatswiri a kompyuta ya Mark II ku yunivesite ya Harvard ku America adapeza kachilombo kouluka usiku katapanikizika m'makina awo. Adakachotsa n'kukamata m'buku lawo la zochitika, nthawi yake n'kulemba pambali. Bukulo likusungidwa mpaka lero, ndipo tikudziwa za kachilomboko kaamba koti wina adalemba.

Kaundula ali ndi malamulo ake. Mukalemba chilichonse, chofunika chimamira m'zosafunika ndipo gemu imayamba kuyenda mwaulesi. Choncho akatswiri amasiyanitsa uthenga wamba, chenjezo ndi vuto lenileni, kuti pofufuza ayambe ndi zazikulu. Komanso zinsinsi za anthu, monga nambala yachinsinsi ya akaunti, sizilembedwa m'kaundula. Kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa pamakina, ndipo mwana ayenera kumva zimenezi akadali pa gemu yake yoyamba.

Mwambo wachiwiri: mlonda

Wosewera bawo aliyense amadziwa kuti thabwa lili ndi maenje 32 ndipo njere zonse ndi 64. Kaya mwatakata, kaya mwadya, kaya masewero atenga tsiku lonse, zomwe zili pathabwa mukaphatikiza ndi zomwe zili m'manja ziyenera kukwana 64. Zikakhala 63, ina yagwa pansi. Zikakhala 65, pali wina yemwe ayenera kufotokoza bwino.

Mtsikana wathu uja atha kulemba mzere umodzi wokha wouza pulogalamu kuti kusuntha kulikonse kukatha iziwerenga njere, ndipo zikapanda kukwana 64 iime pomwepo n'kunena malo omwe yaimira. Mzere wotere amautcha assertion. Ine ndikuutcha mlonda. Athanso kuika alonda ena: wina woonetsetsa kuti palibe dzenje lomwe lili ndi njere zochepera 0, wina woonetsetsa kuti wosewera mmodzi sakusuntha kawiri motsatizana.

Ubwino wa mlonda ndi woti amakuwa pamalo pomwe pachitikira ngozi. Popanda iye, njere imasowa pa kusuntha kwachisanu, koma wosewera amadzazindikira pa kusuntha kwa 40, ndipo wokonza amataya masiku kufufuza pamalo polakwika.

Amayi a banki m'khonde zimenezi amazidziwa bwino kuposa ambiri a ife. Pamsonkhano uliwonse amatsegula bokosi pamaso pa onse, n'kuwerenga ndalama, n'kuyerekeza ndi zomwe zili m'buku. Zikasiyana ngakhale ndi K500, msonkhano supitirira mpaka zidziwike. Sadikira tsiku logawana mu Disembala kuti adzadziwe zoti ndalama zidayamba kusowa mu Marichi. Gulu lomwe limachita manyazi kuwerenga ndi lomwe limathera kwa amfumu.

Dziwani kuti mlonda ntchito yake ndi kugwira zolakwa za wolemba pulogalamu mwiniwake, makamaka panthawi yoyesa gemu isanapite kwa anthu. Ndiye kuti mwana woika alonda wavomereza kuti naye amalakwitsa, ndipo akufuna kugwidwa msanga. Khalidwe limeneli ndi losowa, ngakhale pakati pa akuluakulu.

Mwambo wachitatu: kukonzeratu chochita

Pali mavuto ena omwe sachokera kwa wolemba. Batire limatha masewero ali m'kati. Memori khadi imadzaza. Netiweki imagwadi. Wosewera amalemba dzina pomwe pakufunika nambala. Zotere sizingaletsedwe, koma zingakonzekeredwe. Gemu yolembedwa bwino ikaona kuti yalephera kusunga masewero, imauza wosewera m'mawu omveka kuti malo atha, achotse zina ayesenso. Ikaona kuti netiweki yaduka, imasunga pomwe masewero adafika n'kudikira. Siizima mwadzidzidzi, ndipo siinamizira kuti zonse zili bwino.

Masewero a bawo ali ndi msampha wina wokoma pankhaniyi. Mu 2006 akatswiri atatu, Tom Kronenburg, Jeroen Donkers ndi Alex de Voogt, adasonyeza kuti m'masewero a bao a ku Zanzibar, omwe ndi abale a bawo wathuyu, muli kusuntha kwina komwe sikutha: mumafesa, n'kutola, n'kufesanso, kuzungulira mpaka kalekale. Anthu akamasewera pansi pa mtengo amatopa n'kugwirizana chochita. Kompyuta siitopa. Imangozungulira mpaka batire lithe, wosewera akuyang'ana kagalasi kouma. Wolemba wanzeru amauza pulogalamu kuti ikaona njere zabwerera momwe zidalili kale m'kusuntha komweko, iime n'kunena.

Chitsanzo chotchuka padziko lonse chidachitika pa 20 Julaye 1969, pomwe chombo cha Apollo 11 chinkatera pamwezi. Kompyuta yake idalemedwa ndi ntchito ndipo idaonetsa chenjezo la nambala 1202. Koma gulu lomwe lidalemba pulogalamuyo, lomwe mmodzi wa atsogoleri ake adali mayi Margaret Hamilton, lidakonzeratu kuti zikatero kompyuta isiye ntchito zing'onozing'ono n'kugwira zokhazo zofunika pa kutera. Nambala ija idauza akatswiri omwe adali pansi pano chomwe chikuchitika, ndipo adalola kuti chombo chitere.

Tchimo lalikulu pantchitoyi ndi kumeza cholakwika. Wolemba waulesi amauza pulogalamu kuti chilichonse chikavuta ingokhala chete n'kupitirira. Pamaso pa bwana zimaoneka ngati zikuyenda. Koma zili ngati kuphimba bala ndi nsanza: limanyeka m'kati.

Zikutikhudza bwanji ife?

Wina afunsa kuti zonsezi zikukhudzana bwanji ndi banja lomwe likudalira fodya, soya ndi mtedza. Yankho ndi loti moyo wathu walowa kale m'makina, ndipo pomwe miyambo itatuyi yasowa, olira timakhala ife.

Kumbukirani nkhani ya Cashgate ya mu 2013. Anthu ankalowetsa malipiro abodza m'makina a boma a IFMIS, cheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta zomwe adalowetsazo. Lipoti la kampani ya Baker Tilly lomwe lidatuluka mu 2014 lidati K13.6 biliyoni idapita m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2013. Ndalama zimenezi zikadagula mankhwala m'zipatala. Mwana yemwe adazolowera kuwerenga njere 64 angafunse funso losavuta: bwanji padalibe mlonda wokuwa tsiku lomwelo kuti ndalama zotuluka kubanki zasiyana ndi zolembedwa m'makina?

Kumbukiraninso chaka cha 2020, pomwe ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP idayamba, thumba la feteleza lili pa K4 495. Wogulitsa ankajambula chiphaso cha unzika ndi foni yolumikizana ndi likulu. Netiweki ikagwa malonda ankaima, ndipo alimi ena ankagona pamisika kudikira. Ena ankauzidwa kuti adagula kale pomwe sadalandire kanthu. Mlimi wotere ali ndi ufulu wofunsa kuti chiphaso chake chidajambulidwa tsiku liti, pamsika uti, ndi foni ya yani. Kaundula wosamalidwa bwino amayankha mafunso atatu onsewa.

Tisaganize kuti ndi vuto la maiko osauka okha. Ku Britain, pakati pa 1999 ndi 2015, anthu oposa 900 oyendetsa mapositi ofesi ang'onoang'ono adaimbidwa milandu yakuba kapena yachinyengo kaamba koti pulogalamu ya Horizon inkaonetsa kuti ndalama zasowa. Ena adalowa m'ndende, ena adagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zomwe sadabe. Mu 2019 khoti lalikulu lidapeza kuti pulogalamuyo idali ndi zolakwika zambiri. Mwa umboni womwe udathandiza mudali kaundula wa zolakwika yemwe kampani ya Fujitsu, yomwe idapanga makinawo, inkasunga. Anthu amenewa adali ngati maejenti athu a pa Nsaru: eni mashopu ang'onoang'ono omwe mawu awo sankamveka pamaso pa makina. Phunziro lake ndi lowawa. Kaundula amapulumutsa munthu pokhapokha ngati eni ake alola kuti awerengedwe.

Zomwe ena anganene

Makolo ena ati magemu ndi omwe akuononga ana, makamaka masiku ano pomwe juga yalowa m'mafoni. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo sindikunena kuti mwana azichezera pafoni kapena azibetcha. Koma kusewera ndi kupanga ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana yemwe adalembapo gemu amadziwa kuti zonse zomwe zimaoneka pa kagalasi zidachita kulembedwa ndi munthu, ndipo gemu ya juga idalembedwa kuti mwini wake azitsala ndi phindu. Mwana wotere ndi wovuta kumupusitsa.

Ena ati m'sukulu zathu zambiri zoyendera mulibe makompyuta, mwinanso magetsi. Izinso n'zoona. Koma miyambo itatuyi imayamba ndi kope ndi pensulo. Mphunzitsi atha kugawa ana atatuatatu: wina alembe malamulo a bawo, wina akhale "kompyuta" yotsata malamulowo ndendende osaonjezera nzeru zake, wachitatu azilemba kaundula ndi kuwerenga njere. Pasanathe mphindi khumi aona okha pomwe malamulo awo ali ndi mpata. Kompyuta ikadzapezeka, pulogalamu ya Scratch yophunzitsira ana ndi yaulere ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Chilankhulo cha makompyuta cha Python nachonso n'chaulere, ndipo chili kale ndi mawu apadera oikira mlonda.

Ndiponso dera lino si lachilendo pa zoterezi. Mu 2008 wophunzira wa ku yunivesite ya Stanford, Josh Nesbit, adafika pachipatala cha St Gabriel's pa Namitete ndi laputopu imodzi komanso mafoni pafupifupi 100. Pogwiritsa ntchito pulogalamu ya FrontlineSMS, anthu odzipereka osamalira odwala m'midzi adayamba kutumiza mauthenga kuchipatala m'malo moyenda mitunda italiitali. Ntchitoyi idabala bungwe la Medic Mobile, lomwe pano limangotchedwa Medic, ndipo zipangizo zake zafika m'maiko ambiri. Mbewu idamera pa Namitete pomwe pano. Chomwe chatsala n'chakuti pulogalamu yotsatira idzalembedwe ndi mwana wobadwira konkuno.

Tichitepo chiyani?

Mu 2023 boma lidayamba ndondomeko ya BEFIT yopereka matabuleti m'sukulu za pulayimale, momwe ana amaphunzira kuwerenga ndi masamu m'Chichewa kudzera m'timasewero. Ndiye kuti m'badwo womwe ukubwerawu ukukumana ndi mapulogalamu udakali mu Sitandade 1. Funso ndi lakuti kodi udzangokhala wodina zomwe ena adalemba, kapena udzalemba zake.

Aphunzitsi a Computer Studies, pamodzi ndi bungwe la mayeso la MANEB, asamangopereka malikisi kaamba koti pulogalamu ya mwana yayenda. Aziiyesa dala ndi zinthu zolakwika n'kuona momwe ikuyankhira. Pulogalamu yomwe yanena bwinobwino chomwe chavuta ipate malikisi ambiri kuposa yokongola yomwe yangozima.

Malo ophunzitsa achinyamata luso la makompyuta, monga mHub yomwe adayambitsa mayi Rachel Sibande mumzinda wa Lilongwe, komanso sukulu za ntchito zamanja monga ya Namitete, aganizire zofika m'misika ya kumudzi nthawi ya tchuthi ndi mpikisano wopanga gemu ya bawo. Wopambana akhale yemwe gemu yake yakana kuthyoka anzake ataiyesa tsiku lonse.

Akuluakulu a boma ndi makampani omwe amagula makina ogwiritsa ntchito pothandiza anthu azifunsa asanasaine: kodi makinawa amasunga kaundula yemwe sangafufutike? Kodi netiweki ikagwa amachita chiyani? Kodi amauza kalaliki ndi mlimi chomwe chavuta m'chilankhulo chomwe akumva?

Ndipo inu makolo anzanga, mwana akakuonetsani kagemu komwe wapanga, musangoti "kakongola". Mupempheni foniyo, dinani molakwika dala, lembani dzina pomwe pakufunika nambala, zimitsani masewero ali m'kati. Kakathyoka, mufunseni kuti akuonetseni pomwe kalemba chomwe chachitika. Akasowa chokuonetsani, mubwezereni akakonze. Kuongola mtengo m'poyamba. Mwana yemweyo ndi amene mawa adzalembe makina osunga ndalama zanu za penshoni, dzina lanu m'kaundula wa mavoti ndi mbiri ya matenda anu kuchipatala. Ndi bwino aphunzire kuwerenga njere 64 lero, pomwe chotayika ndi masewero chabe.